Nsalu Yoonera Mbali Ziwiri

1. Bokosi la aphunzitsi

Tumpale anatsika pa njinga yamoto atakumbatira bokosi ngati khanda. Woyendetsa anali msuweni wake Asajile, mnyamata wonyamula anthu pa njinga muno mu Tukuyu, wa pakamwa posatopa.

"Waona? Tafika bwinobwino," anatero Asajile. "Njira yonse umangokuwa ngati ndakuba."

"Ukanandigwetsera makina a eni ake, bwenzi titagulitsa njinga yakoyi pamodzi ndi iwe wemwe," Tumpale anamuyankha.

M'bokosimo munali makina oonetsera kanema pakhoma, a gulu la sayansi la kusukulu kwawo. Aphunzitsi a Sanga anamubwereka Loweruka limenelo, koma anachita kumutsina khutu: "Dzuwa likamalowa ndibwera kudzatenga. Mawa makinawa akupita kusukulu ina ku Kyela, ndipo sabwerako msanga."

Nkhani yake inali iyi. Mchimwene wake wa Tumpale, Gwakisa, anachoka pakhomo zaka zingapo zapitazo. Anatsikira ku Joni, ndipo kumeneko anapeza ntchito yophika m'sitima yapamadzi yonyamula akatswiri kupita kumalekezero a dziko kummwera, kumene pansi ponse ndi madzi oundana okhaokha. Ulendo wina m'sitimamo munakwera anthu ojambula kanema wa nyama za kumeneko. Gwakisa anatumiza kanemayo pa fulashi kudzera kwa dalaivala wa thiraki, ndi mawu ochepa: "Amayi aonere mpaka kumapeto. Ndilimo."

Amake Gwakisa anali ndi kafoni ka mabatani, komvera mawu okha. Chichokereni mwana wawo, nkhope yake anali asanaionenso. Sabata yonse imeneyo mayiwa sankagona tulo tokwanira.

2. Pabalaza pali apongozi

Koma pakhomopo panali mfundo yovuta kumasula. Agogo a Mwasomola, abambo awo a bambo ake a Tumpale, anali atabwera kuchokera kumudzi chifukwa cha chilonda cha pamwendo chimene amakatsukitsa kuchipatala. Bedi lawo linali pabalaza. Ndipo pabalaza pomwepo ndi pamene panali polumikizira magetsi ndi malo okwanira makinawo.

Kwathu kuno mkazi saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Sakhala nawo m'chipinda chimodzi, salankhula nawo, ngakhale dzina lawo satchula. Ambiri masiku ano anazisiya, ndipo ine sindiwaweruza. Koma amake Gwakisa, ayi ndithu! Chifikireni agogo, iwo amalowera khomo la kuseri, ndipo chakudya amachita kutumiza Tumpale. Bambo ake a Tumpale, amene mwina akanaona chochita, anali pa ulendo ndi lole ya tiyi.

Mwina mukuti, bwanji osangoonetsa kawiri, agogo paokha, amayi paokha? Tumpale anaganiza zomwezo. Koma magetsi, abale inu, anali atazima chiyambire m'mawa. Mtsikanayo anatchinga mawindo ndi mabulangete. Khoma la pabalaza linali lodzaza makalendala, choncho anamanga chingwe pakati pa chipinda n'kupachikapo nsalu yoyera yoyala pabedi. Zonse zinali m'malo, koma magetsi zii. Dzuwa linapendeka. Tsopano zinali zoonekeratu kuti ngakhale atayaka, kanema wautali ngati ameneyu aonetsedwa kamodzi kokha.

Tumpale anapeza amayi ake kukhitchini akusenda nthochi zophika.

"Usavutike, mwanangu," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Onetsa agogo ako. Ine ndizimvera mawu ndili konkuno."

Nthochi imene inali m'manja mwawo anaisenda mpaka inatsala ngati chala, iwo osazindikira.

Asajile anamukokera Tumpale kuseri kwa nyumba.

"Vuto lili pati apa? Mdalayu ndimukweza pa njinga. Iwe ukangowauza kuti anzawo aja a Mwaisumo agonekedwa kuchipatala, akuwafuna msangamsanga. Ndikawazungulitsa mpaka ku Kiwira. Tikamabwera, kanema watha, azakhali amuona mwana wawo. Tidzangoti tinamva molakwa."

"Nanga iwowo? Gwakisa si mdzukulu wawo?"

"Aa, ndi maso amenewo aona chiyani? Mapanga awiri avumbwitsa, mlongo wanga. Sankha kumodzi."

Asanayankhe, wailesi ya kwa aneba inalira mwadzidzidzi, ndipo ana mumsewu anafuula, "Ayakaa!" Asajile analiza njinga n'kumukodola ndi mutu kuti alowe.

3. Jekete la kutchalitchi

Tumpale analowa pabalaza nagwada pafupi ndi mpando wa agogo. Bodza linali kale pansonga ya lilime.

"Wabwera mkazanga!" anatero agogo, monga amamunenera masiku onse. "Lero wandiiwala, wapeza wina wa njinga eti?"

Apa ndi pamene mtsikanayo anawayang'anitsitsa. Nkhalambayo inali itameta ndevu. Inali itavala jekete lake lakuda la kutchalitchi, chipewa kumutu, ndi nsapato imodzi kuphazi labwinolo.

"Agogo, mwatchena chonchi mukupita kuti?"

"Kodi si lero tikuonana ndi Gwakisa? Ukufuna andipeze ndili mbuu ngati wochokera kumunda?"

Panja njinga inali kulirabe. Tumpale anayang'ana pansi, ndipo mawu amene anatuluka sanali aja anapangana.

"Agogo, ndimabwera kudzakunamizani. Tinapangana ndi Asajile kuti tikuuzeni zoti a Mwaisumo ali kuchipatala, kuti muchoke, amayi aonere. Nthawi yatsala ya kuonetsa kamodzi kokha. A Mwaisumo ali bwinobwino. Ndikhululukireni."

Agogo anaitanitsa Asajile. Mnyamatayo analowa atazimitsa njinga.

"Khalani pansi nonse awiri," anatero a Mwasomola. "Iwe Asajile, matenda saseweretsa. Mwaisumo ndi ine tinaweta ng'ombe limodzi tili anyamata. Anzathu onse anapita, tatsala awiri. Ukanandiuza kuti wagonekedwa, mtima wangawu ukanafika ku Kiwira? Ndipo tsiku limene adzadwaladi, iwe n'kubwera kudzandiuza, ine ndidzakukhulupirira bwanji? Ndidzati mwana uja wayambanso, ndidzakhala pansi, mnzanga n'kutsikira kuli chete ndisanamutsanzike. Bodza ndi lotero. Umati ukuthandiza munthu mmodzi lero, koma wathyola mlatho umene mudzafune kuwolokera nonse mawa.

"Tsono iwe mkazanga, wachita bwino kubweza lilime. Koma nawenso unalakwa poganiza kuti ine ndine chitsa chofunika kuzula ndi nzeru. Ana inu mumayesa kuti mwambo uwu ndi udani. Mumati agogo ndi amayi sagwirizana, n'chifukwa chake saonana. Ayi! Munthu amene umamupeputsa umamuyang'ana m'maso, umamutchula dzina, umamudutsa pamiyendo. Amako amazungulira nyumba mvula ikugwa kuti asandidutse pamaso. Ndimamva mapazi awo m'matope. Ukuganiza kuti sindidziwa mtengo wake wa ulemu umenewo? Ukanangobwera n'kunena kuti agogo, amayi akufuna kuona mwana wawo, ukuganiza ndikanati chiyani? Munthu wamkulu umamufunsa, sumuzembera. Ndipatse ndodo yanga."

Anadzuka movutikira, natulukira khomo la kumaso. Anakakhala pa chitsa m'munda wa nthochi, jekete lili pathupi.

"Kauze amako alowe."

4. Kanema wa mipando

Tumpale anathamangira kukhitchini mtima uli mbee. Koma amayi ake atamva, anagwetsa mpeni.

"Kalanga ine! Mwachotsa munthu wamkulu, wa chilonda, pampando wake chifukwa cha ine? Mwamukhazika pa chinyezi? Pita ukawauze abwerere. Iwowo masiku awo apita. Ine Mulungu akalola ndidzamuona mwana wanga ndi maso."

Anathamangira ku nthochi.

"Kauze amako kuti amene anamva ululu wobereka ndi iwo, osati ine. Sindisuntha."

Anabwerera kukhitchini.

"Ukawauze kuti ine sindinaleredwe choncho. Sindilowa."

Koma anthu awiri awa! Aliyense kukanirira kupatsa mnzake, mpaka mphatso kusowa woilandira. Mtsikana anapita uku ndi uku mpaka thukuta kamukamu, dzuwa nalo likutsika kumka kuseri kwa mitengo ya mapeyala.

Asajile anali atayatsa kale makina pabalaza. Pansalu paja panaoneka nyanja yakuda ndi mapiri oyera oyandama, koma mipando yonse inali mbee.

"Ndiye izi ndi zipatso za chilungamo chako," anatero. "Ukanamvera ine, bwenzi mmodzi akuonera. Pano onetsa mipando."

Misozi ili chuchuchu, Tumpale anazungulira kuseri kwa nsalu kuti amasule chingwe, angobweza zinthu za eni ake. Atakweza manja anaima chilili. Mapiri oyera aja anali pomwepo pamaso pake. Kuwala kunali kutapyoza nsalu, ndipo kuseriko chithunzi chimaoneka bwinobwino ngati kumaso.

Anasuzumira kumaso. Anabwereranso kuseri. Anatembenuka n'kuona kuti khomo lochokera kukhitchini lili kumbuyo kwake komweko.

"Asajile! Imitsa! Bwezera poyambira! Thamanga ukatenge zitenje zonse zili pachingwe panjapo!"

Anatchinga m'mbali mwa nsalu ndi zitenje, kuyambira khoma ili mpaka linalo, ndi pansi pomwe kuti ngakhale chala cha kuphazi chisaoneke. Pabalaza panasanduka zipinda ziwiri.

Agogo atafotokozeredwa, anabwera kudzaona okha. Anagogoda nsaluyo ndi ndodo.

"Ili ndi khoma," anagamula motero. "Lopyapyala, koma khoma."

Amayi anachita kukokedwa dzanja. Anasuzumira kaye, naona kuti kulibe kampata, kenako anakhala pa mkeka atafunda chitenje kumutu.

5. Dziko lopanda nthochi

Tumpale anakhala m'mphepete mwa nsalu, pamene amatha kuona mbali zonse ziwiri, kuti azimasulira Chingerezi cha wofotokoza nkhani m'kanemamo. Kanema anayamba.

Ife a ku Tukuyu timati timadziwa kuzizira. Tsiku limenelo tinachepa. Chimphepo chimaulutsa fumbi loyera pa chigwa chopanda mtengo ngakhale umodzi. Chiphiri cha madzi oundana chinang'ambika n'kugwera m'nyanja, ndipo Asajile anabweza miyendo kuopa kunyowa.

"Nanga nthochi amabzala pati kumeneku?" anafunsa agogo.

"Kulibe dothi, agogo."

"Ndiye mwana wathu anakatsata chiyani? Ha!"

Kenako kunabwera mbalame zija amati mapengwini, zoyenda chilili, zakuda kumsana, zoyera kumimba. Zinali pa mzere, zikudzandira mwaulemu.

"Awa ndi akuluampingo," anatero Asajile. "Taonani agogo, jekete lake ngati lanu lomweli!"

Kuseri kwa nsalu kunamveka kuseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene mwini wake anayesa kukutseka ndi chitenje koma kunapulumuka. A Mwasomola anali asanamvepo mpongozi wawo akuseka. Anatsokomola, nakonza chipewa, koma Tumpale anawaona akumwetulira.

Mtsikanayo anamasulira kuti yaikazi ikaikira dzira imalisiya kwa yaimuna n'kupita kunyanja kukadya. Yaimunayo imaliika pamwamba pa mapazi ake, n'kulifunditsa ndi khungu la kumimba, n'kuima choncho nyengo yonse yamdima osalawa kanthu.

"Osadya?" Asajile anadzidzimuka. "Ine ayi. Dziralo bwenzi nditakazinga."

"N'chifukwa chake sunakwatire," anatero agogo.

Chimphepo chitakula, mbalamezo zinaunjikana pamodzi mutu ndi mutu. Zapakati zimatuluka pang'onopang'ono kupita kunja kozizira, zakunja n'kumalowa pakati pofunda. Panalibe yozilamula. Apa palibe anaseka. Anaonanso anangumi akupuma utsi wa madzi, ndi nyama zonenepa zopanda miyendo zitagona pa ayezi ngati matumba a chimanga. Kuwala kwa pa mpata wa bulangete kunayamba kufiira. Tumpale amangoyang'ana kukhomo, kuopa kuti aphunzitsi agogoda Gwakisa asanaoneke.

6. Moni wa kwathu

Chakumapeto, ojambula anaonetsa anthu a m'sitima. Anaonetsa woyendetsa, anaonetsa akatswiri, kenako analowa m'chipinda chophikira. Munthu wina wovala chipewa choyera anatembenuka.

Anali iye. Nkhope yake inadzaza nsalu yonse, yaikulu ngati chitseko. Anali atanenepa, atasunga ndevu, koma mpata wa m'mano unali womwe uja. Anaika pansi chipande, nakweza dzanja, napereka moni wa kwathu: "Ugonile, Mama!"

"Imitsa!" anafuula Tumpale, ndipo Asajile anaimitsa chithunzi pomwepo.

Amake Gwakisa anadzuka pa mkeka. Sanalire mofuula. Anayandikira, naika chikhatho chawo pa tsaya la mwana wawo. Ku mbali ya agogo nsalu inatukuka pa tsaya pomwepo, zala zisanu zikuonekera. Nkhalambayo inavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

Patapita kanthawi inakweza mutu. Sinalankhule ndi mpongozi wake, pakuti n'zosatheka. Inalankhula ndi chithunzi.

"Gwakisa, mdzukulu wanga, tamvera. Uli kutali, tsono zina sukuzidziwa. Ine ndili pakhomo pano ndi mwendo wowola. Madzi ofunda ndimawapeza pakhomo m'mawa uliwonse, sindiona amene waika. Nsalu za pachilonda changa, zonunkha, zoti ana anga obereka ndekha amazitembenukira kumbali, ndimazipeza zochapa. Nthochi zanga amazipotera kuti zifewe, podziwa kuti mano ndilibe. Lero amafuna kudzimana nkhope yako chifukwa cha ine. Ine pakamwa panga ndi pomangidwa, sindingawauze. Tsono iwe ndiwe mwana wawo. Uwauze amako kuti m'nyumba ya Mwasomola simunalowepo mkazi ngati iwo. Uwauze kuti ndathokoza."

Kenako kuseri kunamveka mawu otsika, osweka ndi misozi.

"Gwakisa, mwanangu, uwauze agogo ako kuti ndamva. Uwauze kuti ndaga. Ndaga kwambiri." Ndaga ndiye zikomo wa kwathu.

Asajile, wa pakamwa posatopa uja, anatuluka panja akuti akukaona njinga. Tumpale analira osabisa. Anathokoza Mulungu kuti lilime lake linabwerera panjira, chifukwa bodza lija likanatheka, mawu amenewa sakananenedwa mpaka manda.

Pomwepo kunamveka kugogoda. Anali aphunzitsi a Sanga. Anaima pakhomo, nayang'ana nsalu, zitenje ndi maso ofiira a anthu, ndipo sanafunse kanthu. Anangoti, "Malizani kaye. Kyela sathawa."

7. Mphete

Makina atapita, Tumpale anakathandiza amayi ake kupakula. Mayiwo anali kuyimba chapansipansi, nkhope ikuwala.

"Mwanangu, zimene wandichitira lero Mulungu yekha ndiye adzakubwezere," anatero. "Wanenepa mchimwene wako, eti? Koma waiona mphete ija pachala pamene anakweza dzanja? Mtima wanga unadumpha. Ndinati kodi mwanayu wakwatira kumeneko osatiuza? Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ili kudzanja lamanja. Ndi zodzikongoletsa chabe za anyamata. Ikanakhala kumanzere, bwenzi lero ndisanadye."

Mbale inatsala pang'ono kupulumuka m'manja mwa Tumpale. Iye anali ataonera mbali zonse ziwiri, ndipo amadziwa chimene amayi ake samadziwa. Kuseri kwa nsalu chithunzi chimatembenuka monga pa galasi, lamanzere n'kuoneka lamanja. Mbali yoona inali ya agogo.

"Si choncho, mwanangu?" anafunsa amayi. "Iwe maso ako ndi akuthwa. Inali kumanja, eti?"

Tumpale anatsegula pakamwa. Asanatulutse mawu, ndodo inagogoda pansi pabalaza.

"Mkazanga!" anaitana a Mwasomola. "Tabwera kuno msanga. Ndikufunse za dzanja la mchimwene wako."